Anandimangira Chiliza Ndili Moyo

Ine ndinamwalira Lachiwiri lina m'mawa, ndikufinya bulangeti kuseri kwa khitchini. Sindinamve kupweteka paliponse. Anangobwera abusa Nkhutembe, pepala lili m'manja, n'kunena kuti, "Mayi, talemba. Kuyambira lero inu kulibe." Ndinayanika bulangeti lija pachingwe n'kutenga lina.

Chaka chake musandifunse, zaka zinasokonekera kalekale m'mutu mwangamu. Ndimangokumbukira kuti chimanga chinaumira m'chiuno, ndipo bambo a mwana wanga anali atatsamira dzanja dzinja la m'mbuyo mwake. Mwana ndinali naye mmodzi yekha, Mwandida, mano akutsogolo atangoguluka kumene. Tinadya madeya, madeya atatha tinayamba kuwiritsa mango osakhwima. Ndiye ndinamva kuti kuseri kwa phiri kuli nyumba yosungira ana amasiye, kumene ana amadya katatu pa tsiku n'kumapita kusukulu atavala nsapato. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinamubereka mwana wanga ngati khanda, miyendo ikulendewera, n'kukwera phirilo.

Mwini nyumbayo anali abusa Nkhutembe aja, munthu wa khosi lamapindi atatu, wolankhula ngati akupemphera ngakhale akupempha mchere. Anamuyang'ana Mwandida m'mano, m'maso, m'miyendo, monga achitira ogula mbuzi.

"Bambo ake?"

"Anatisiya, abusa."

"Ambuye apatsa, Ambuye atenga. Nanga mayi ake?"

"Ndine ndemwe, abusa."

Anapukusa mutu mwachisoni, ngati ndawauza za matenda osachiritsika. "Apo ndiye pavuta. Abale athu akunja aja wamasiye wa mbali imodzi samumvetsa. Amafuna wathunthu."

Tinamvana chotere: mwana alowa, ine ndizichapa zovala n'kumagona kuseri, koma pakakhala alendo mwanayo azinditchula kuti anti. Musaganize kuti anandigwira pakhosi, ayi. Ndinavomera ndi pakamwa pangapa, ndikuyang'ana mwana wanga akunyambita mbale ya phala mpaka mphuno kulowa m'mbale. Ndikanavomera ngakhale kukhala mtengo.

Kumeneko ndinaphunzira kuchapa nsanza. Musaseke, ndi luso. Mwana aliyense anali ndi zovala za mitundu iwiri, zolandirira alendo ndi zotsanzikira alendo. Zotsanzikira zinali zatsopano, zobwera ndi alendo omwewo. Zolandirira zinali nsanza, ndipo zinkasungidwa m'bokosi lokiyidwa, kuopa kuti ana angaziwononge. Nsanzazo umazichapa ndi sopo mpaka fungo lithe, chifukwa mlendo amakumbatira mwana, ndipo fungo amanyansidwa nalo. Ukatero uziviike m'madzi a katondo kuti litsiro lioneke, pakuti litsiro loona ndi maso amalikonda. Pobooka susoka. Bowo likachepa umalikuza ndi chala.

Alendowo ankabwera ndi mphepo ya mwera, m'kabasi koyera, onse atavala matisheti a mtundu umodzi. Aliyense botolo la madzi m'manja, osalisiya pansi, ngati ana okana kuleka bere. Atsikana ankamanga zitenje mfundo ili pamchombo. Amatsika akulira, amachoka akulira, ndipo pakatipo amajambula. Aliyense ankasankha mwana wake womunyamula, makamaka aang'ono ndi oseka msanga. A chipere m'mutu ankangoima kukhoma n'kumaombera m'manja. Mwandida wanga anasankhidwa ndi mzimayi wina wamtali dzina lake Debora, wa tsitsi ngati ndevu za chimanga. Anamunyamula sabata yonse mwana wodziwa kuyenda yekha.

Chaka chimenecho ntchito inasowa. Makoma anali atapakidwa penti katatu ndi magulu a m'mbuyo, zimbudzi zinali zitachuluka kuposa ana. Alendo anakhala pakhonde manja ali lende, nkhope zitagwa, poti anawoloka nyanja kudzagwira ntchito ya Ambuye ndipo ntchitoyo panalibe. Ndiye womasulira anawawerengera pepala la Mwandida lija: kuti mayi ake anafa ndi malungo, anaikidwa opanda ngakhale mtanda. Debora anagwira pamtima, misozi chuchuchu. Anati ammangira chiliza mayi wosaukayo.

Ha! Abusa anadumpha ngati aponda moto, kenako n'kukumbukira kuti ndi abusa. Kumanda enieni sakanapita nawo, kumeneko salowako chilowelowe, ndipo eni manda akanafunsa kuti wafa ndani. Anawatengera kumapeto kwa munda, patsinde pa mthethe, pomwe panali kamtumbira. Pamenepo anakwirirapo galu wawo chaka chatha. Atatero anabwera kumene ndinkachapira, n'kundifunsa chinthu chomwe anali asanandifunsepo.

"Dzina lanu lenileni ndani, mayi? Alendo akufuna alembe bwinobwino."

Ndinawauza.

Madzi okandira simenti ndinatunga ndine, ndowa khumi ndi zinayi. Alendo anayala njerwa mokhotakhota akuimba nyimbo za kwawo, ndipo m'mamawa iwo asanadzuke mmisiri wa m'mudzi anagumula n'kuyalanso. Atadzuka anayamika Mulungu kuti manja awo aphunzira msanga. Simenti ili yaiwisi, Debora anatenga msomali n'kulemba dzina langa, lilime atalitulutsa pang'ono chifukwa cha khama. Dzinalo linatsala pomwepo, ndiye musavutike kundifunsa.

Tsiku lotsegulira chiliza ana anaimba. Mwandida anamupatsa maluwa othyola pampanda kuti akaike pamanda a mayi ake. Mwanayo anandiyang'ana ndili chiimire kumbuyo ndi ndowa yanga, n'kuyamba kuseka, poti ankaona ngati masanje. Abusa anamutsina kuseri kwa mkono, ndipo analira kulira kwenikweni. Makamera onse anaphethira. Pomaliza Debora anabwera kudzandikumbatira, nati kudzera mwa womasulira, "Anti, Mulungu akudalitseni pomusamala mwanayu ngati wanu."

"Zikomo," ndinatero ine. Inde, ndinathokoza. Chitsiru sichimera nyanga, abale.

Kabasi katachoka, Mwandida anabwera pachingwe choyanikira n'kundinong'oneza, "Amayi, nanga m'menemuja muli ndani?"

"Galu wa abusa."

Tinaseka mpaka kukhala pansi. Koma gulu lina linabwera, la matisheti obiriwira, kenako la ofiira, ndipo onse ankawatengera kuchiliza, chifukwa nyumba zina zinalibe chotero. Mwandida anaphunzira kulira osamutsina. Kumudzi nako nkhani inamveka, yoti kuli mzimayi woyenda ali ndi chiliza chake. Ndikafika pamjigo amayi ankasendeza ndowa zawo. Agalu anasiya kundiuwa. Zonsezo ndinapirira, koma tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, pabwalo palibe mlendo, palibe abusa, palibe ngakhale nkhuku, mwana wanga anadutsa pafupi nane n'kunena kuti, "Anti, diresi langa lauma?" Mtima unandipweteka kuposa tsiku loika bambo ake. Ndinamuuza kuti lauma.

M'mawa wina ndinapeza mphasa yake itapindidwa. Nyumba zimenezi zimabwerekana ana monga anthu abwerekana mabenchi pamaliro. "Wapita kukathandiza anzathu," anatero abusa. "Kuli alendo koma ana achepa. Abwera Loweruka." Linadutsa Loweruka, linadutsa linzake, mvula inagwa n'kukata. Ndinasiya nsanza zili m'madzi n'kuuyamba ulendo.

Ndinayenda. Ndinadutsa midzi ya fodya, midzi ya thonje, midzi yomwe inangotsala ndi nkhalamba ndi mbuzi. Ndikacheuka pamsewu wafumbi sindinkaona mapazi anga, koma mwina inali mphepo. Ndinafika m'tauni ina ya njanji yosadutsa sitima, momwe anthu ankayanika chinangwa panjanjipo. Nyumba ya ana inali kuseri kwa siteshoni, ndipo mwini wake anali mayi Zingalume, a wigi lalitali ndi mphete chala chilichonse. Ndisanamalize kufotokoza anandidula.

"Ooo, ndinu malemu aja a chiliza? Khalani pansi, mbiri yanu tinaimva. Mwana wanu alipo, akugwira bwino ntchito. Mikanda mumatha kutunga?"

Anandilowetsa m'kachipinda ka kuseri, ka zenera limodzi. Munali amayi asanu atakhala pamphasa, malichero a mikanda pamiyendo. Anandilandira ndi nthungululu yapansipansi.

"Takulandirani kuno kumanda. Ine ndinagwidwa ndi ng'ona," anatero wamkulu wawo, mayi wonenepa wa mpango wachikasu. "Awa mphezi. Awa anafera pobereka. Awiriwa matenda aja. Nanga inu, asisi, chinakutengani n'chiyani?"

"Malungo."

"Aaa, imfa ya ulesi! Abusa anu analibe nzeru."

Ana a amayi onsewo ankasewera panja pa zenera lomwelo. Ife ntchito yathu inali kutunga zibangili za mikanda zomwe alendo ankagula pochoka, atauzidwa kuti apanga ndi ana amasiye ndi timanja tawo. Luso lake linali kulakwitsa dala. Ukatunga yofiira itatu, yoyera itatu, mwadongosolo mpaka kumapeto, mlendo amachitembenuza n'kuchibweza pathebulo. Koma ukaponyapo wobiriwira umodzi posayenera, mfundo n'kuimanga mopotoka, amachipsompsona. Ine manja anga anazolowera zaudongo, ndiye masiku oyamba mayi Zingalume ankandibwezera. "Mwakongoletsa kwambiri, mayi. Ganizani ngati mwana wopanda mwini."

Mwandida ndinamuona tsiku lachitatu. Anali atatalika, mano atamera onse, akuyenda ngati munthu wodziwa kumene kuli kamera. Anasuzumira pazenera n'kupereka moni kwa onse pamodzi, "Mwaswera bwanji, maanti?" Maso ake anadutsa pa ine monga adutsira pa lichero. Sindikunena kuti sanandizindikire. Anandizindikira bwinobwino, n'chifukwa chake anadutsa msanga.

Mwera unaomba, kabasi koyera kanafika. Matisheti anali achikasu, nkhope zina, koma anthu omwewo. Pagulu lililonse pamakhala wagitala wodziwa nyimbo zitatu, pamakhala wotsekula m'mimba tsiku lachiwiri, ndipo pamakhala Debora, ngakhale dzina litakhala lina. Awa anabwera kudzaphunzitsa ana kusamba m'manja. Anaimika ana makumi anayi pamzere, ana osamba okha kumtsinje chibadwire, n'kuwaonetsa mmene amagwirira sopo. Anawo anaombera m'manja modabwa, monga anawaphunzitsira dzulo lake. Ife akufa tinkaonerera pazenera tikutafuna chimanga chokazinga.

Masiku amenewo ndinabisa mikanda ya buluu pang'onopang'ono m'mfundo ya chitenje, n'kutunga chibangili chimodzi mmene mtima wanga unkafunira, chopanda chilema, mfundo yobisika. Ndinamudikira mwana wanga panjira ya kubafa n'kumuveka pamkono. Anachiyang'ana, anachizunguliza, n'kuchivula.

"Ichi sichigulika, anti. Mulibe cholakwika."

Anandibwezera m'manja mwaulemu, ndi manja awiri, monga ndinamuphunzitsira ndine. Mwezi usanathe anamutumiza kwina. Mayi Zingalume anati kumapiri a tiyi, kapena kupitirira, iwo sankasunga za ana a eni.

Ndinayendanso. M'mabasi anthu ankandikhalira pamiyendo osapepesa. Ndinakolola mtedza wa eni, ndinasenda mbatata pa chiwaya cha tchipisi, ndinasesa pachigayo mpaka nsidze kuyera. Ndinafika m'tauni ya nkhungu, momwe dzuwa linkatuluka masana n'kubwerera msanga ngati laiwala kanthu. Nyumba ya ana inali pamwamba pa chitunda, mwini wake bambo Likhutcha, munthu woonda wokonda mafaelo kuposa anthu. Mwandida anali atadutsapo kale n'kupita, kumene anapita iwo sankadziwa.

"Koma dzina lake lilipo," anatero akutsegula faelo. "Makalata ake amafikira kuno. Pali mzungu wina samatopa kulemba, ndipo kalata yosayankhidwa imaumitsa chitsime. Sukulu munalekeza pati, mayi?"

"Sitandade fili."

Nkhope yawo inawala. "Mulungu ndi wabwino. Ndiye kuti dzanja lanu ndi la mwana."

Kumeneko ndinaphunzira kulemba makalata othokoza. Kalaliki wawo ankalemba Chingerezi pabolodi, ife n'kumakopera, aliyense m'dzina la mwana yemwe wapatsidwa. Amene anaphunzira kwambiri ankawalembetsa ndi dzanja lamanzere. Ine langa linali lokhota kale mwachibadwa. Pansi umajambula kanyumba, kadzuwa, kaduwa. Ine anandipatsa dzina la Mwandida. Mzungu wosatopa uja anali Debora yemweyo wa msomali, makalata ake ankangotsatira faelo kulikonse kumene yapita. Choncho ndinakhala mwana wanga zaka zingapo, ndikumuuza mzimayi wa kutsidya kwa nyanja kuti ndimawasowa mayi anga, makamaka nthawi ya mvula.

Makalata obwera kalaliki ankatiwerengera pa nthawi ya tiyi, akumasulira ndi mawu a m'mphuno kuti tiseke. Ya Debora imodzi ndimaikumbukira yonse. Anati chibwerereni kwathu kuno satha kutsegula firiji osalira. Anati anabwera kudzaphunzitsa koma anaphunzitsidwa ndi iye, anabwera kudzapereka koma analandira zochuluka. Anati ife tilibe kanthu koma ndife osangalala, ndipo amatisirira. Zithunzi anazionetsa kutchalitchi kwawo pakhoma lalikulu, mpingo wonse unalira, ndipo atatuluka anakadya limodzi. Pomaliza anati pa chiliza cha mayi ako paja, Mwandida, m'pamene ndinadzipeza ndekha.

Asa! Anadzipeza. Kumene anadzitaya sananene. Munthu kukwera ndege usana ndi usiku, kudzadzipeza pa manda a galu! Ine ndinataya mwana m'dziko langa lomwe, ndipo panalibe ngakhale mmodzi wovala tisheti kudzandithandiza kufunafuna. Amati amatisirira, bwanji sanatsale adye nafe mango owiritsa mwezi umodzi, tione ngati kusirirako kukanafika Lachisanu? Ndinatukwana mumtima mpaka tiyi kuzizira. Kenako ndinatenga pensulo n'kumujambulira kaduwa, chifukwa wonyoza ndi wonyozeka tinkadyera mbale imodzi.

Kalata yomaliza inabwera nkhungu itachita kulowa m'nyumba. Kalaliki anayamba ndi mawu a m'mphuno aja, koma pakati anasiya n'kuwerenga bwinobwino. Debora anati anasangalala kumuonanso Mwandida maso ndi maso mumzinda waukulu, atakula, akulankhula Chingerezi ngati madzi. Anati mpingo wawo wagwirizana zomuitana kuti akayende m'matchalitchi a kwawo kupereka umboni, ndipo mapepala atsala pang'ono kutheka. Anangodabwa kuti munthu wolankhula bwino chotero dzanja lake silinasinthe chiyambire.

Bambo Likhutcha anatseka faelo. "Ntchito yanu yatha, mayi."

Sindinadikire kuti anenenso. Ndinatsika chitunda nkhungu isanachoke.

Mzinda waukulu ndinaufika mapazi atang'ambika. Ndinafunsa kwa ogulitsa nthochi, kwa a kabaza, kwa alonda a m'mageti, mpaka anandilozera nyumba ya ana ya mpanda wa njerwa ndi holo ya magalasi. Pageti panaima mabasi oyera atatu. Tsikulo ankalowetsa amayi a m'makomboni kuti adzaze mabenchi akumbuyo, ndipo ndinalowa nawo. Munthu wa nkhope ngati yanga safunsidwa pamalo otero, amafunika.

Ana anaimba. Wagitala anaimba nyimbo zake zitatu. Kenako anaitana mtsikana wovala diresi loyera, nsapato zazitali, ndipo anagwira chimkuzamawu ngati anabadwa nacho. Anali Mwandida. Chipumi cha bambo ake, kaimidwe kanga. Ankalankhula Chingerezi, mnyamata wa tayi n'kumamasulira ife akumbuyo.

Anafotokoza imfa yanga. Abale inu, sindinadziwe kuti ndinafa bwino chotero. Anati mvula inkagwa, denga likudontha, iye atagwira dzanja langa lotentha. Anati ndinamuyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wanga, usaope, kudzabwera anthu ochokera kutali, Mulungu adzawatuma kwa iwe." Anaima pamenepo, n'kumeza malovu, n'kuyang'ana kudenga nthawi yokwanira bwino. Alendo anafwenthera m'timapepala. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anapukuta maso ndi chitenje. Ndipo ine, mwini wake maliro, ndinapezeka ndikulira nawo. Mawu okoma chotero sindinamuuzepo mwana wanga ndili moyo. Ine ndinkangomuuza kuti apukute mamina.

Atatha anatsika kudzagwira chanza amayi akumbuyo mmodzimmodzi, kamera ikumutsatira. Atafika pa ine dzanja lake linazizira, koma nkhope sinasinthe. Anawerama ngati akundidalitsa n'kunong'ona, "Mudikire panja, pa mtengo wa mapeyala."

Ndinadikira mpaka mabasi atachoka. Anatuluka atasintha, atavala chitenje ndi masilipasi, n'kudutsa osandiyang'ana. Ndinamutsatira. Tinakwera minibasi osalankhulana, tinatsika, tinalowa m'tinjira ta madzi a sopo, mpaka pa kachipinda ka lendi kuseri kwa nyumba ina. Mayi eni nyumba anatuluka ndi khanda kumsana, anamasula n'kumupatsa Mwandida, n'kubwerera osafunsa kanthu. Tinalowa. Anatseka chitseko, anandiyalira mphasa, n'kugwada patsogolo panga.

"Amayi."

Mayo ine! Zaka zonse zija, misewu yonse ija, ndinkayendera liwu limodzi lomwelo. Ndinamugwira kumaso, m'makutu, m'mapewa, ndikungoti mwana wanga, mwana wanga, ngati wamisala. Anandilola. Kenako anandiika khanda lija pamiyendo. Linali lachikazi, la miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, lolemera bwino.

"Mdzukulu wanu. Dzina lake Tayanjana."

"Bambo ake?"

"Musafunse, amayi."

Ndinamununkhiza m'mutu mwanayo. Ndinayamba kuyankhula zambirimbiri, kuti tiye tizipita kwathu, munda wa bambo ako ulipo, ndidzalima ndine, ukauze anthu ako aja kuti mayi ako wapezeka, ali moyo, vuto lili pati? Anthu opemphera sangakondwe kumva kuti wakufa wauka?

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa. "Angakondwe? Amayi, anthu aja analira kale. Mukufuna ndikawauze kuti analira pachabe? Ndege ndi Lachisanu. Akuitana mwana wamasiye, namwali wa Ambuye. Wa mayi wamoyo sakumufuna, wa khanda ndiye n'kosayamba."

"Ndiye ine ndizingofabe?"

"Munavomera ndinu. Ine ndinali mwana."

Sananame. Anadzuka n'kuyamba kulongedza m'jumbo matewera, kabotolo, kachipewa koluka, khadi la kusikelo. Manja ake ankagwira ntchito mwachangu, mwaudongo. Zinali zoonekeratu kuti jumbolo analilongedza kale kambirimbiri m'mutu mwake, ankangosowa womusenzetsa. Pamenepo ndinazindikira chimene anandigwadira. Sanaone mayi ake pabenchi paja, anaona msana.

"Mukabwera liti?" ndinafunsa, ndipo ndinadzimva ndekha ndikumupatsa ulemu wa mlendo.

"Sindikudziwa. Akati miyezi itatu, ena amakhala zaka." Anamanga jumbo n'kuliika pafupi ndi phazi langa. "Phala amadya kale, savuta. Akadzayamba kufunsa, muzidzangomuuza kuti ndinamwalira. N'zosavuta, amayi. Amazolowera."

Ndinamuyang'ana nthawi yaitali mwana amene ndinakwera naye phiri. Ndinafuna kumumenya, ndinafuna kumubereka. Ndinaimirira, ndinaponya khanda kumsana, ndinakoka chitenje n'kumanga mfundo pachifuwa mpaka kupuma kuvuta. Ndinanyamula jumbo lija.

"Ayi," ndinatero. "Ameneyu sindimunamiza. Ndidzamuuza kuti mayi ake ali moyo, ali bwinobwino, anapita kutsidya kwa nyanja kukandilira ine."

Mwandida anayang'ana kaphazi ka mwana wake kakutuluka m'chitenje changa, ndipo dzanja lake linanyamuka pang'ono n'kubwerera. Ndinaima pakhomo kumudikira, ndinadikira ndithu, mwina n'kuona msozi umodzi wokha. Sanalire. M'chipindamo munalibe mlendo.